MAKWAYA A KU LUNDAZI ACENJERE POTUMIZA NYIMBO KOSINDIKIZA

Wolemba Mtola Nkhani Wathu, Lundazi

NYENGO ya kukolola ikatha m'boma la Lundazi, nshawa ndi soya zitapita pa sikelo, makomiti a makwaya m'mipingo yosiyana-siyana amayamba kuitana misonkhano ya madzulo. Nkhani imakhala imodzi: kodi ndalama zopitira ku situdiyo zakwana? Kwaya iriyonse, kaya ndi ya CCAP, ya Reformed Church, ya Akatolika kapena ya a Sabata, imalakalaka tsiku limene nyimbo zake zidzamveka pa Radio Chikaya, ndipo cimbale cake cidzaikidwa pa tebulo pamaso pa mlendo wolemekezeka.

Nzoona kuti masiku ano anthu ambiri amamvera nyimbo pa foni, pa fulashi ndi pa memori kadi, ndipo makina oimbira CD acepa m'nyumba zathu. Koma pa mwambo wotulutsa cimbale simungapereke fulashi yopanda dzina kwa mlendo wolemekezeka kuti aigule pa mtengo waulemu. Pamafunika cinthu cogwirika, cokhala ndi cithunzi ndi maina, ndipo ncifukwa cake makwaya akali kupangitsa ma CD.

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti nchito siithera pa maikolofoni. Kuimba kukatha pali zinthu ziwiri zimene zimatumizidwa kwa osindikiza. Coyamba ndi nyimbo zomalizidwa, zimene a m'situdiyo amazicha masita. Caciwiri ndi cikuto, cimene anyamata amati kava. Pa ziwirizi ndi pamene ndalama za alimi zimalowera m'madzi.

KATONI YA PA BASI

Wolemba nkhani ino anadzionera yekha zimenezi m'caka ca 2012, pamene anali kuimba besi m'kwaya ya kumudzi kwao, m'mbali mwa mseu wopita ku malire a Lusuntha. Kwayayo inalima munda wa nshawa zaka ziwiri, niiwonjezera ndi maganyu opalira, kufikira ndalama zinakwana. Oimba 26 anakwera galimoto kunka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 180, nagona m'chalichi masiku atatu akujambula nyimbo 10 m'situdiyo ina ya kumeneko.

Pobwerera, mlembi wa kwaya anapatsidwa nyimbozo pa memori kadi. Iye anaitumiza kwa mlamu wake ku Lusaka, pamodzi ndi cithunzi cojambulidwa ndi foni ndi pepala la maina a nyimbo lolembedwa pamanja. Mlamuyo anacita mbali yake mokhulupirika: anapeza osindikiza, analipira, nakweza katoni ya zimbale 300 pa basi. Katoniyo inafika kutatsala masiku 8 kuti mwambo ucitike, ndipo inatsegulidwa komiti yonse iri pomwepo.

Poyamba panali nthungululu, kenaka panagwa zii. Yunifomu ya buluu wowala inaoneka yotuwa ngati nsaru yocapidwa zaka zambiri. Amai awiri amene anaima kumapeto kwa mzere anadulidwa pakati, wina nkutsala phewa ndi khutu cabe. Pamene panayenera kulembedwa Chiuta, wotaipa wa ku Lusaka anaganiza kuti mlembi waphonya, nakonza kuti Chauta. Liu lakuti sumu linasanduka sumo. Coipa koposa cinadziwika cimbale citaikidwa m'makina. Nyimbo sizinali kutsatana monga zinalembedwera pa cikuto, pakuti kompyuta inazindandalika motsata alifabeti ya maina ake. Nyimbo yotsegulira inapezeka pa nambala 7.

Tinaimba foni ku Lusaka mokwiya. Osindikiza anayankha modekha kuti iwo anasindikiza cimene analandira, ndipo ngati tifuna zina tilipirenso. Tsiku limenelo tinawachula maina oipa, koma lero ndibvomera kuti anthuwo sananame. Makina osindikizira sadziwa Citumbuka, sadziwa nyimbo yotsegulira, ndipo sakonza kanthu. Colakwa cimodzi cimene cinacoka ku Lundazi cinabwerako ciri 300.

MASITA NCIANI?

Masita ndi mbeu ya cimbale. Zimbale zonse zimabadwa kucokera kwa iye, motero zimatenga ubwino wake ndi zirema zake zomwe.

CD inapangidwa ndi makampani a Philips ndi Sony. Iwo anagwirizana malamulo ake m'caka ca 1980 m'buku lodziwika ndi dzina lakuti Red Book, ndipo zimbale zoyamba zinagulitsidwa ku Japan mu 1982. Malamulowo amati mau ayezedwe ka 44,100 pa sekondi iriyonse, pa muyeso wa 16-bit, mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Cimbale cimodzi cimatenga nyimbo zosapitirira 99, ndipo nthawi yake poyamba inali mphindi 74, pambuyo pake niifika pafupi ndi 80. Kwaya imene yajambula mphindi 85 iyenera kusankha nyimbo yosiya isanacoke m'situdiyo, kuopa kuti wina wosaidziwa angaisankhire.

Bvuto lalikulu kwathu kuno liri pa mtundu wa mafailo. Situdiyo imajambula mau onse mokwanira m'failo yochedwa WAV. Koma kuti nyimbo zikwane pa foni, zimafinyidwa kukhala MP3, ndipo pofinyapo mbali ina ya mau imatayidwa osabwereranso. Pa foni kusiyana kwake sikumveka kweni-kweni, koma pa zokuzira mau za m'chalichi mau a soprano amamveka ngati akuimbira m'cigubu. Cimene mlembi wathu anapatsidwa pa memori kadi paja cinali MP3, ndipo iye sanadziwe kuti pali cina cofunsa.

Pali njira yapafupi yodziwira, yosafuna sukulu. Mphindi imodzi ya mau a muyeso wa CD imalemera pafupi-fupi 10 MB. Nyimbo ya mphindi 5 iyenera tsono kukhala pafupi ndi 50 MB. Mukaona kuti iri 5 MB kapena kucepera, dziwani kuti mwapatsidwa gaga, ufa watsala m'situdiyo. Ndipo kusandutsa MP3 kuti ikhalenso WAV sikuthandiza. Failo imangokula, mau otayika sabwerera.

Masita asanatsekedwe, katswiri amalinganiza nyimbo zonse kuti womvera asamathamangire kukweza wailesi pa nyimbo ina ndi kutsitsa pa inzake. Amadula phokoso la koyambirira, ciphuphu ca mpando kapena citsokomolo ca woimba, naika mpata pakati pa nyimbo, umene kawiri-kawiri umakhala masekondi 2. Akatswiri ena acinyamata ali ndi cizolowezi cokweza mau kufikira atasweka, poganiza kuti kukwera ndiko kukoma. Enanso amakweza kiyibodi ndi ng'oma za m'makina kotero kuti mau a anthu 26 amamira pansi pa zala za mnyamata mmodzi. Kwaya iri ndi ufulu wokana zimenezi, pakuti ndiyo yalipira.

Dzina la failo iriyonse liyambe ndi nambala, 01, 02, 03, kuti kompyuta isasokoneze ndandanda. Pambuyo pake komiti ikhale pansi ndi kumvera masita yense, kuyambira nyimbo yoyamba kufikira yomaliza, pepala la maina liri m'manja, osadumpha ngakhale imodzi. Amvere pa makina a m'chalichi, pa wailesi ya m'galimoto ndi pa kawailesi kakang'ono ka kumudzi. Ola limodzi limeneli ife tinalimana, cifukwa galimoto yobwerera inali kutiimbira hutala panja.

KUOCHA NDI KUUMBA

Osindikiza ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kuocha, imene pa Cingerezi amati duplication. Amatenga zimbale zopanda kanthu zochedwa CD-R, zimene ziri ndi utoto wapadera mkati, ndipo kuwala kwa laser kumalemba nyimbo pa utotowo. Nchitoyi imatha m'masiku owerengeka ndipo imalola ngakhale zimbale 50. Makwaya ambiri a kuno amatsata njira imeneyi. Kuipa kwake nkwakuti utotowo umaopa dzuwa ndi kutentha. Cimbale cosiyidwa pa galasi la kutsogolo kwa minibasi m'mwezi wa Okutobala sicikhalitsa.

Yaciwiri ndi ya kuumba, yochedwa replication. Ku fakitale amalemba nyimbo pa galasi losalala, pa galasilo napanga cidindo ca citsulo ca nickel, ndipo cidindoco cimadinda pulasitiki yosungunula monga cikombole ciumbira njerwa. Pamwamba amapakapo aluminiyamu wopyapyala. Zimbale zotere zimalimba koposa, koma kupanga cidindo nkodula, motero mafakitale amafuna oda ya mazana angapo, kawiri-kawiri kuyambira 500. Ambiri amafunanso masita atumizidwe m'mpangidwe wochedwa DDP, umene umamanga pamodzi nyimbo, ndandanda ndi mipata yake kuti wina asazisunthe panjira. Cidindo cikadulidwa, mlandu watha. Kukonza ndiko kulipira cina.

CIKUTO

Makomiti amathera miyezi pa nyimbo, koma cikuto amacikumbukira usiku womaliza. Pamenepo ndi pamene wogula amayamba kuona.

Pepala la kutsogolo kwa kabokosi ka CD ndi mamilimita 120 mulitali ndi mulifupi. La kumbuyo ndi pafupi-fupi mamilimita 150 kwa 118, kuphatikizapo timizere tiwiri ta m'mbali timene timapindidwa kuti dzina lioneke cimbale cikaimikidwa pa shelefu. Mpeni wa osindikiza sudula pepala limodzi-limodzi. Umadula mulu wonse, ndipo umatha kuterera pang'ono. Cifukwa ca ici cithunzi ciyenera kupitirira malire ndi mamilimita 3 mbali zonse, cimene osindikiza amati bleed, ndipo mau ndi nkhope za anthu zikhale mkati ndithu, kutali ndi mpeni. Amai athu awiri aja anadulidwa cifukwa cithunzi cinali cacitali m'mbali monga mzere wa kwaya umakhalira, pamene cikuto ndi cofanana mbali zonse. Wokonza anangocikuza kuti cidzaze pepala, a kumapeto nagwera kunja. Wojambula akadaimika oimba m'mizere itatu kapena inai, nasiya mpata m'mbali, onse akadalowa. Pa cimbale ceni-ceni pali ciboo ca mamilimita 15 pakati. Amene aika nkhope ya abusa pakati-kati adzaipeza yabooledwa pamphuno.

Za yunifomu yathu, cifukwa cake ndi ici. Foni ndi kompyuta zimapanga mitundu ndi kuwala kwa mitundu itatu: kufiira, kubiriwira ndi buluu. Makina osindikizira amasakaniza inki zinai, zimene mwacidule amati CMYK. Mitundu ina yowala kwambiri ya pa foni, maka-maka buluu ndi kubiriwira, inki siingaifikire. Wokonza cikuto wodziwa nchito amasandutsa cithunzi kukhala CMYK iye mwini, naonetsa komiti mmene cidzaonekera pa pepala.

Cithunzi cifunikanso kukhala ndi timadontho tokwanira, 300 pa inchi iriyonse. Pa cikuto ca CD ndiko kuti timadontho pafupi-fupi 1,500 mulitali ndi 1,500 mulifupi. Mafoni ambiri a lero amakwanitsa zimenezi, koma cithunzi cikatumizidwa pa WhatsApp mwa masiku onse cimafinyidwa, ndipo cikadutsa m'mafoni atatu nkhope zimasanduka phala. Citumizidwe ngati document, kapena cinyamulidwe pa fulashi.

Tsono tifike pa cinenero, pamene boma lathu liri ndi bvuto lake-lake. Anthu ambiri a ku Lundazi amalankhula ndi kuimba m'Citumbuka, koma Citumbuka siciri pakati pa zinenero 7 zimene Boma linasankha kuti zigwire nchito m'masukulu: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Wotaipa wa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 700 kucokera kuno, mwina sanaonepo Citumbuka colembedwa cibadwire. Akaona liu lacilendo amalikokera ku Cinyanja kapena ku Cibemba cimene adziwa, ndipo amacita zimenezi ndi mtima wabwino. Palinso cilembo ca ŵ ca kadenga pamwamba, cimene mabuku a Citumbuka amagwiritsa nchito. Mitundu ina ya zilembo za pa kompyuta iribe cilemboci, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi. Mankhwala ake ndi akuti mau onse ataipidwe konkuno ndi munthu wodziwa cinenero, awerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, mmodzi akhale mkulu wozolowera buku la Sumu za Ukhristu, ndipo atumizidwe atatsekedwa m'failo ya PDF. Osindikiza asanayambe mulu wonse, atumize cimbale cimodzi ca citsanzo. Kudikira basi masiku awiri nkochipa kuposa katoni.

MAINA AKUMBUYO

Pa cikuto cathu ca 2012 panali dzina la wapampando, la abusa, ndi nambala za foni ziwiri zimene lero sizigwiranso nchito. Panalibe dzina la wopeka nyimbo ngakhale mmodzi, panalibe caka, panalibe dzina la mudzi. Ici ndi cizolowezi ca makwaya ambiri, ndipo mbiri ya nyimbo za dziko lino ionetsa kuti ndi cizolowezi coipa.

Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music ku South Africa m'caka ca 1954, anayenda m'maiko ano ndi makina a tepi m'zaka za m'ma 1950, m'masiku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Pa nyimbo iriyonse anali kulemba woimba, cinenero, malo ndi coimbira. Iye anamwalira mu 1977, koma matepi ndi zolemba zake zinasungidwa, ndipo kuyambira 1978 ziri pa Rhodes University. Kuyambira 1998 Michael Baird, woimba ng'oma wobadwira ku Lusaka amene ali ndi kampani ya SWP Records ku Netherlands, anabwerera ku matepi omwewo natulutsa ma CD 21, ena a nyimbo za ku Zambia ndi ku Malawi. Timabuku ta m'zimbalezo timachula anthu a m'midzi ndi a m'migodi amene anaimba zaka zoposa 40 m'mbuyomo. Zinatheka cifukwa tepi yoyamba inalipo, ndipo pepala la maina linalipo.

Za oimba a magitala a m'zaka za m'ma 1970 zinayenda mosiyana. Pa nthawi imene Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour ku Ndola anatulutsa malekodi ambiri, ojambulidwa m'masitudiyo monga Malachite ku Chingola ndi DB ku Lusaka. Cuma citabvuta ndipo makaseti okopera atadzaza misika, malonda a malekodi anagwa. Matepi ambiri a nthawi imeneyo anatayika kapena kuonongeka, ndipo nyimbo zina zinapulumuka kokha cifukwa wina anasunga lekodi m'sutikesi. Pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbozi, za Rikki Ililonga mu 2010, za gulu la WITCH pa ma CD 4 mu 2012, ndi zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock mu 2017, panafunika kufufuza oimba amene anatsala ndi mabanja a amene anamwalira. Emmanuel Jagari Chanda wa WITCH anabwereranso pa nsanja atakalamba, ndipo gululo linatulutsa cimbale catsopano ca Zango mu 2023. Anthu a kunja anadziwa womufuna cifukwa maina anasindikizidwa pa zikuto.

Wina adzati kwaya ya kumudzi si WITCH. Komatu amene anaimbira Tracey pansi pa mtengo sanadziyese anthu a mbiri. Nyimbo za vimbuza, za ingoma, za pa mwambo wa Kulonga kwa Mfumu Mphamba, ndi nyimbo zopekedwa ndi amai a m'mipingo yathu, zikujambulidwa masiku ano kuposa kale lonse, koma zambiri zikuyenda m'mafoni ndi dzina lakuti Track 4.

Maina ali ndi mbali ya lamulo. Lamulo la Copyright and Performance Rights la 1994 limateteza wopeka nyimbo, ndipo bungwe la ZAMCOPS, limene linayamba mu 1996, limatolera ndalama za opeka pamene nyimbo zao ziseweredwa poyera. M'caka ca 2013 Boma linayambitsanso kacizindikiro konyezimira ka hologram pa zimbale pofuna kulimbana ndi okopera. Zonsezi sizingathandize munthu amene dzina lake silinalembedwe pali ponse. Ndipo popeza kuno malire ali pafupi, nyimbo zimaoloka kucokera ku Mzimba ndi ku Kasungu pa maukwati ndi pa misonkhano ya mipingo. Kwaya imene ijambula nyimbo ya anzao a ku Malawi ipemphe cilolezo ndi kulemba mwini wake, isangoti nyimbo ndi ya Mulungu.

Cotsiriza ndi cakuti, masita asunga ndani? Kwaya isanalipire ndalama yomaliza, igwirizane ndi situdiyo pa pepala kuti mafailo a WAV ndi a cikuto ndi ake, niwatenge pa mafulashi awiri, ina ikhale kwa mlembi, ina kwa msungi-cuma kapena ku ofesi ya mpingo. Situdiyo ndi malonda a munthu. Imasamuka, imatsekedwa, ndipo kompyuta ikadzaza mwini wake amafufuta zakale kuti alandire makasitomala atsopano.

Zimbale zathu 300 zija tinazigulitsabe, titaika kapepala ka ndandanda yoona mkati mwa ciriconse, kolembedwa ndi bolopeni usiku wonse ndi anyamata a tenala. Nyimbo 4 mwa 10 zija anapeka ndi mai wina wacikulire wa alto, amene sanapite patali ndi sukulu ndipo sanalembepo nyimbo zake pa pepala. Ndiye amene anatsala phewa ndi khutu pa cithunzi. Anamwalira m'caka ca 2016. Caka cotsatira ana ake anapempha kuti nyimbozo zisindikizidwenso bwino, dzina la mai wao lilembedwe, ndipo komiti inatuma anthu awiri ku Chipata kukafunsa mafailo. Anapeza situdiyo inasamuka. Atamlondola mwini wake, iye anawalandira bwino, nawauza kuti kompyuta ya masiku amenewo inapsa ndi magetsi kale-kale.

Kwa mlembi kwatsala zimbale 11 m'katoni yomwe ija. Mwezi watha tinaziyesa cimodzi-cimodzi pa makina a ku sukulu. Zitatu zinaimba mpaka kumapeto.